Ikazimanso, Usathamangire Kusitolo

Mwana wanga, kompyuta yogula yathunthu imafika itayesedwa kale ndi amene anaipanga. Yakoyi ayi. Purosesa inachokera kukampani ina, motherboard kwina, RAM kwina, graphics card kwina, power supply kwinanso, ndipo zonsezi zinaonana koyamba patebulo pako. Palibe injiniya amene anaziyesapo zili pamodzi. Ntchito imeneyo inagwera iwe tsiku limene unasankha kumanga wekha, kaya unadziwa kaya sunadziwe. Ndiye ukamandiuza kuti makina atsopanowa akuzima pakati pa gemu, sindikuonapo tsoka ayi. Ndikuona ntchito imene sinathe.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'china. Ndamva kuti mnzako wina wati vuto ndi graphics card, wina wati Windows, wa pa YouTube wati power supply, ndipo iwe wayamba kale kuwerengera ndalama zogulira china. Ndalama zosunga movutikira zija ukufuna uzithire pa chinthu chimene sunachipeze ndi mlandu. Khala pansi kaye. Makinawa amanena okha pamene pavuta, bola uwafunse mwadongosolo.

Funso loyamba ndi lakuti, imazima bwanji? Kuchipatala sungangoti "ndikudwala" n'kukhala chete. Adokotala amafunsa kuti pakupweteka ndi pati, kuyambira liti, utadya chiyani. Nawenso leka kungoti "yazima". Nthawi zina imatsekeka ndi gemu yokha, Windows n'kutsala ili bwinobwino. Nthawi zina sikirini imada kwa kanthawi, mawu akumvekabe, kenako chithunzi n'kubwerera. Pamenepo Windows yadikira graphics card kwa masekondi 2, yaona kuti sikuyankha, n'kuyambitsanso driver wake. Pali sikirini yabuluu ija, yokhala ndi mawu a zilembo zikuluzikulu m'munsi, imene pa Windows 11 anaisintha kukhala yakuda mu 2025. Ndiye pali kuzima kwa phi, mafani onse zii, kenako n'kudziyatsanso yokha.

Kusiyana kwa ziwiri zomalizazi ukugwire bwino. Sikirini yabuluu ikutanthauza kuti Windows inaona vuto, inapeza mpata wolemba chimene chachitika, kenako inadziimitsa dala. Kuzima kwa mwadzidzidzi kukutanthauza kuti mpata umenewo panalibe. Mphamvu inangodulidwa, ndipo maso ako ayambe kuyang'ana ku power supply, kumawaya, kusoketi ya pakhoma ndi kukutentha.

Tsono gula kope la sukulu, ulisiye pambali pa kiyibodi. Nthawi iliyonse ikazima, lemba tsiku, ola, gemu imene umasewera, mphindi zimene zinapita chiyambire, ndi mmene yazimira. Mawu a pasikirini yabuluu uwajambule ndi foni asanachoke. Ndikudziwa kuti a msinkhu wako kulemba pamanja mumakuona ngati zachikale, koma mutu wa munthu wokwiya susunga dongosolo. Umangokumbukira kuti "imazima nthawi zonse". Kope lidzakuuza kuti imazima madzulo okha, kapena pa gemu imodzi yokha, kapena ikangokhala osachita kanthu, ndipo chilichonse mwa izi chikuloza mbali yakeyake.

Windows nayo ili ndi kope lake. Lemba mawu akuti reliability pamalo ofufuzira, utsegule Reliability Monitor, uone tsiku ndi tsiku chimene chinagwa. Mu Event Viewer ukapezamo Kernel-Power nambala 41, ndipo apa m'pamene anyamata ambiri amatayira ndalama. Akaona mawu akuti Power amathamangira kukagula power supply. Koma nambala 41 ikungonena kuti kompyuta sinazimitsidwe mwadongosolo, basi. Ngakhale utazula pulagi ndi dzanja lako, idzalemba zomwezo. Zenizeni zili mu C:\Windows\Minidump, mmene sikirini yabuluu iliyonse imasiya kafayilo. Utsegule ndi WinDbg ya Microsoft kapena BlueScreenView. Ukaona nvlddmkm.sys, ameneyo ndi driver wa Nvidia, amdkmdag.sys ndi wa AMD. Ukaona ntoskrnl.exe usasangalale kuti wapeza wolakwa. Umenewo ndi mtima wa Windows, ndipo kawirikawiri ndi pamene makina anagwera chabe, wowagwetsa ali kwina.

Pali chizindikiro chimodzi chimene ndimachikhulupirira kwambiri. Mawu a pasikirini akamakhala omwewo nthawi zonse, tsata chimene akutchulacho. Koma akamasinthasintha, lero MEMORY_MANAGEMENT, mawa IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL, mkuja PAGE_FAULT_IN_NONPAGED_AREA, usaganize kuti uli ndi mavuto atatu. Nthawi zambiri vuto ndi limodzi, RAM. Ikasokoneza kanambala kamodzi, chimagwa ndi chilichonse chimene chinasungidwa pamalo amenewo, n'chifukwa chake dzina la wogwa limasintha. Ikalemba WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR, ndiye kuti chipangizo chenichenicho, kawirikawiri purosesa, chadziulula chokha kuti chalakwitsa ndipo sichingathe kudzikonza.

Usanakhudze kanthu, mvera lamulo ili, chifukwa zina zonse zimene ndikuuze zadalira pa ilo. Sintha chinthu chimodzi, lemba m'kope, kenako dikira. Ukasintha driver, masetingi a BIOS ndi mawaya usiku umodzi, kompyuta n'kukhala bwino, sudziwa chimene chaichiritsa, ndipo vuto likadzabwerera udzayambiranso pachiyambi. Ikaipiraipira, sudziwanso chimene wawononga. Kudikirakonso kukhale kokwanira. Ngati imazima kamodzi pa masiku awiri, kusewera usiku umodzi osazima si umboni wa kanthu. Ipatse sabata. Kuthamanga sikufika.

Choyamba kusintha ndi ichi: lowa mu BIOS, ubwezere zonse mmene zinachokera kufakitale. Kaya unakwezako liwiro la purosesa, kaya unachepetsako voteji potsatira vidiyo ina, zonse zichoke. Chichokenso XMP kapena EXPO. Ndikudziwa kuti apa m'pamene uyambe kukana, chifukwa pabokosi la RAM yako analemba 6000 ndipo unalipira 6000 yomweyo. Koma tamvera. DDR5 imayambira pa 4800. Kuti ifike pa 6000 pamafunika kuyatsa XMP, imene ndi ya Intel, kapena EXPO, imene AMD inabweretsa mu 2022 pamodzi ndi Ryzen 7000, ndipo kuteroko ndi kuthamangitsa makina kupyola pamene wopanga purosesa analonjeza. Pa Ryzen 7000, AMD inalonjeza 5200 ukaika timitengo tiwiri ta RAM, ndi 3600 pokha ukaika tinayi. Nambala ya pabokosi ikunena zimene RAM ingathe, osati zimene purosesa yako ingapirire, pakuti chowongolera RAM chili mkati mwa purosesa, ndipo mapurosesa awiri a dzina limodzi salimba mofanana. Wa mnzako akhoza kuyenda pa 6000 chaka chonse, wako n'kumagwa. Ukazimitsa EXPO kuzima n'kutha, wapeza poyambira. Kuchokera pamenepo ukhoza kuyesa 5600, n'kuona. Kusiyana kwake pa gemu n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi mtendere umene upeze.

Yang'ananso pamene unaika timitengoto. Pa motherboard ya malo anayi, tiwiri timalowa pamalo achiwiri ndi achinayi kuwerenga kuchokera kupurosesa, amene amalembedwa A2 ndi B2. Zili m'kabuku kamene unakasiya m'bokosi osakatsegula kaja. Safunsa anadya phula. Tichotse, utibwezeremo mpaka umve kuti tagwira mbali zonse ziwiri. Ndipo ngati unagula tiwiri lero, tiwiri mwezi wotsatira, usanamizike ndi dzina lofanana. Kampani imodzi imatha kugwiritsa ntchito tchipisi ta SK hynix mwezi uno, ta Samsung kapena Micron mwezi wa mawa, pansi pa chizindikiro chimodzimodzi.

Kenako ika MemTest86 pafulashi, uyatse kompyuta kuchokera pafulashipo, uisiye usiku wonse imalize maulendo ake onse 4. Cholakwika chimodzi chokha n'chokwanira. Pa RAM palibe zoti "n'zochepa". Ikapeza, yesa kamtengo kamodzikamodzi pamalo amodzi omwewo, mpaka udziwe ngati wodwala ndi kamtengo kapena malo ake. Ikapanda kupeza, usalumbire kuti RAM ili bwino. Zolakwika zina zimaoneka pokhapokha graphics card itatenthetsa mkati mwa bokosi, choncho yesanso ndi OCCT uli mu Windows.

Za BIOS ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa motherboard imatha kukhala m'sitolo chaka chathunthu, n'kukufika ili ndi BIOS yakale kuposa purosesa yako. Si nkhani yaing'ono. Mu 2024 anthu ambiri okhala ndi Core i9-13900K, i9-14900K ndi anzake a m'badwo wa 13 ndi 14 ankadandaula kuti magemu akutsekeka, makamaka opangidwa ndi Unreal Engine, ndipo uthenga wa pasikirini unkati malo a mu graphics card atha. Ena anabweza makhadi abwinobwino. Wolakwa anali purosesa. Intel inavomera kuti mapurosesa amenewo ankapempha voteji yochuluka mpaka kudziwononga pang'onopang'ono, inatulutsa microcode 0x129 mu Ogasiti ndi 0x12B mu Seputembala chaka chomwecho, ndipo inawonjezera zaka 2 pa waranti. Koma BIOS yatsopano imangoteteza purosesa imene isanawonongeke. Imene yawonongeka kale sichira, njofunika kubweza. A AMD nawo zinawaonekera mu Epulo 2023, pamene ma Ryzen 7000X3D ena ankapsa pasoketi, mpaka anaika malire a 1.3 V pa voteji ya SoC kudzera mu BIOS. Ndakuuza izi kuti uone zinthu ziwiri: uthenga wa pasikirini umatha kuloza wosalakwa, ndipo makampani aakulu nawonso amagulitsa zinthu zolakwika. Fufuza dzina lenileni la purosesa ndi motherboard yako patsamba la wopanga, uwerenge zimene BIOS iliyonse inakonza.

Koma poika BIOS yatsopano, kumbukira kumene tikukhala. Magetsi akathima ntchitoyo ili pakati, motherboard ikhoza kukana kuyakanso. Usaichite mvula ya mabingu ikubwera, usaichite nthawi imene kudera kwanu amakonda kuthimitsa. Bwereka UPS kwa ola limodzi ngati ulibe. Ma motherboard ena ali ndi kabatani kumbuyo kolembedwa BIOS Flashback kapena Q-Flash Plus, kamene kamatha kupulumutsa zinthu zikatero. Ona ngati yako ili nako usanayambe, osati zitavuta kale.

Tsopano za kuzima kwa phi kuja. Graphics card yamakono sikoka magetsi mofanana nthawi zonse. RTX 4090 inalembedwa mawati 450, RTX 5090 mawati 575, koma kwa kanthawi kochepa kwambiri khadi imatha kukoka kuposa pamenepo, ndipo power supply yofooka imaona ngati mawaya agundana, n'kudziteteza podzizimitsa. Zinavuta kwambiri pa RTX 3080 ndi 3090 zitatuluka mu 2020, n'chifukwa chake muyezo wa ATX 3.0 wa mu 2022 unalamula kuti power supply izitha kupirira kukoka kwa mwadzidzidzi kotere. Chizindikiro chake n'chakuti imazima pamene gemu yafika povuta, osati pamene ukulemba kalata. Pali njira yoyesera yosalira ndalama: mu MSI Afterburner kapena mu pulogalamu ya AMD, tsitsa malire a mphamvu ya khadi kufika pa 70 peresenti. Kuzima kukatha, kawirikawiri ndiye kuti power supply kapena mawaya ake akulephera. Pamenepo pokha ndi pamene ndingakulole kuyang'ana m'thumba.

Usanagule, ona mawayawo. Ngati khadi ili ndi malo awiri kapena atatu a mapini 8, aliyonse apatsidwe chingwe chake kuchokera ku power supply, osati chingwe chimodzi cha mitu iwiri. Ngati ndi pulagi yatsopano ya mapini 16 ija, ikankhe mpaka ilire, pasatsale kampata ngakhale ka chikhadabo, ndipo usaipinde pafupi ndi mutu. Mapulagi amenewa anasungunuka pa RTX 4090 zina kumapeto kwa 2022, ndipo Nvidia itafufuza inati ambiri sanali olowetsedwa mokwanira. China chimene ndikuletsa kotheratu n'chakuti usatenge chingwe cha power supply ina n'kuchilowetsa pa yako chifukwa choti chikukwana. Kumbali yolowa mu power supply, kampani iliyonse imayala mapini mwa njira yake, ndipo chingwe cholakwika chimawotcha disiki pompo. Bokosi la power supply lenilenilo usalitsegule. Muli ma capacitor amene amasunga magetsi ngakhale utazula pulagi.

Vuto likhozanso kukhala kunja kwa kompyuta. Power supply imatha kudikira magetsi akadukiza kwa mamilisekondi pafupifupi 16 okha. Babu akhoza kungophethira iwe osaona, kompyuta n'kudziyatsanso. Apa m'pamene kope lija limagwira ntchito: ngati maola onse olembedwamo ndi a madzulo, nthawi imene nyumba zonse zayatsa makuka, kapena nthawi imene firiji yanu ikuyamba kulira, kayikira khoma usanakayikire makina. Chotsa ekisitenshoni yotchipa ya kumsika ija, ulowetse pasoketi ya pakhoma. Nyamula kompyutayo ukaiyese kunyumba ina kwa masiku awiri. Ndipo ukamagula UPS kapena inveta ya sola, funsa ngati ndi ya pure sine wave, chifukwa ma power supply ambiri amakono sagwirizana ndi zotchipa zimene zimatulutsa magetsi odukaduka, ndipo amazima nthawi yomweyo imene UPS ikulandira ntchito.

Kutentha sindichedwapo, chifukwa anthu amakunamizira kawirikawiri. Tsegula HWiNFO, usewere, uwerenge. Ryzen 7000 anaipanga kuti izitha kufika madigiri 95, za Intel zambiri 100, ndipo zikafika pamenepo zimayamba zachepetsa liwiro zisanazime. Choncho madigiri 85 asakuopse, ngakhale mu Okutobala. Choopsa ndi purosesa yofika pamalire mphindi imodzi isanathe. Ukaona zimenezo, chotsa choziziritsira uone ngati kapulasitiki ka pansi pake unakamatula, ngati masikuluu anamangidwa mofanana, ndipo ngati ndi choziziritsira cha madzi, ngati pampu ikuzungulira. Uli pomwepo, yang'ana mapini a pasoketi ndi tochi. Pa AM5 alipo 1718, ndipo limodzi lopindika likhoza kusokoneza RAM.

Zonsezi zikapezeka zili bwino, tembenukira ku Windows. Chotsa driver wa graphics card ndi DDU uli mu Safe Mode, uike wina kuchokera patsamba la Nvidia, AMD kapena Intel. Watsopano akavuta, yesa wa miyezi iwiri yapitayo. Ndipo ndikufunse mosabisa: Windows yakoyo unaitenga kuti? Ngati ndi ija yodulidwadulidwa imene amati njopepuka pa magemu, yochokera pafulashi ya mnzako, sitingadziwe chimene anachotsamo ndi chimene anaikamo. Bandulo ndi yodula, ndikudziwa, koma kopera yeniyeni patsamba la Microsoft kamodzi, uike pa disiki yopukuta, uikemo ma driver ndi gemu imodzi yogula mwachilungamo, basi. Mapulogalamu oyatsa timagetsi ta mitundumitundu tija adikire. Ambiri a iwo, pamodzi ndi oletsa kubera pa magemu monga Vanguard ya Riot, amalowa mpaka mumtima mwa Windows, ndipo kumeneko cholakwika chimodzi chimagwetsa zonse. Pa 19 Julayi 2024, fayilo imodzi yolakwika ya kampani ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, ndege n'kulephera kunyamuka, m'makina onsewo mulibe chipangizo chofa ngakhale chimodzi. Disiki nayo ili ndi pulogalamu yake ya mkati. Mu Okutobala 2024, ma SSD ena a Western Digital a 2TB, monga SN770 ndi SN580, ankabweretsa sikirini yabuluu pa Windows 11 24H2 mpaka kampaniyo itatulutsa firmware yokonza.

Ukafika apa kope lako likhala litatsala ndi okayikiridwa awiri kapena mmodzi. Njira yotsala ndi kubwerekana. Pita kwa mnzako amene ali ndi kompyuta yoyenda bwino, umupemphe mwaulemu, muike khadi yako m'makina ake ndi yake m'makina ako. Vuto likasamuka ndi khadi, nkhani yatha. Izi n'zofunika kwambiri ngati khadiyo unagula yogwirapo kale ntchito. Ethereum itasiya kukumbidwa ndi makhadi mu Seputembala 2022, makhadi ambiri amene anayaka usana ndi usiku kwa zaka anathiridwa pamsika, ena ali bwino, ena RAM yake itatopa. Ngati purosesa yako ili ndi graphics yakeyake mkati, chotsa khadi, ulowetse sikirini pa motherboard, uone ngati kuzima kukupitirira.

Nditakuuza kuti udekhe, ndikuuzenso kuti masiku a waranti akuwerengedwa. Zipangizo zambiri zimatifika kuchokera ku Johannesburg, Dubai kapena China, zina m'chikwama cha wachibale, ndipo kubweza si kokwera minibasi n'kupita m'tauni. Funsa lero lomwe kuti wogulitsa aliyense amalola masiku angati, ndipo amafuna chiyani. Graphics card usaimasule kuti uone mkati, chifukwa wogulitsa akaona sikuluu yokhudzidwa apeza pokanira. Polankhula naye usanene kuti "ikuvuta". Mutumizire chithunzi cha MemTest86 chosonyeza zolakwika, masiku a m'kope, ndi mawu akuti chipangizocho chinavutanso m'kompyuta ina. Jambula nambala ya siriyo usanapakire, sunga malisiti ndi mabokosi onse, ndipo chipangizocho chibwerere m'kathumba kake konyezimira kaja. Ngati yobwezedwa ndi motherboard, funafuna kachivundikiro kakuda kapulasitiki kamene kanadumpha pasoketi tsiku loika purosesa, ukabwezere pamalo pake. Makampani ambiri salandira motherboard yopanda kachivundikiroko, chifukwa mapini akapindikira m'njira, mlandu amauika pa iwe.